Oyilo wa m'zimbudzi za ku Luwinga

Ndinagwira ntchito pa galaja ina ku Luwinga nthawi imene yunivesite inkakula, aliyense wokhala ndi malo akumanga tizipinda ta ophunzira. Oyilo wakutha amene tinkakhetsa m'magalimoto sindinkataya. Ndinkagawira eni nyumba kuti azithira m'zimbudzi, fungo lizitha. Ankandithokoza kuti, "Yewo chomene, adada."

Chaka china abwana anaitana mayi wina wophunzitsa makampani kusamala chilengedwe. Anatiuza kuti titchule chilichonse chotuluka pagalajapo ndi kumene chimathera. Titafika pa oyilo ndinaimirira.

"Apo musavutike, amama. Sititaya ngakhale dontho."

Ndinafotokoza monyadira. Mayiwo sanandidzudzule, anangofunsa kuti, "Nanga adada, madzi akasiya m'mipopi, ana a m'tizipindamo amatunga kuti?"

Ndinakhala pansi. Mdzukulu wanga wamkazi ankachita lendi komweko, ndipo chitsime chawo chinali pafupi ndi chimbudzi chimene ndinkathiramo oyilo ndi manja angawa.

Sindinapepese pagulu, si khalidwe langa. Mawa lake ndinawotcherera chivundikiro pa diramu la oyilo wakuthayo, n'kuikapo loko, kiyi n'kusunga ndekha. Papepala la ndondomeko limene mayiwo anatisiyira, pamalo a woyang'anira oyilo abwana analembapo ine, munthu wa Sitandade 6.

Eni nyumba atabwera ndi zigubu ndinawabweza. "Kathireni phulusa, makolo anu ankatero." Anang'ung'udza, koma anazolowera.

Mdzukulu wanga anamaliza maphunziro ali bwinobwino. Kiyi uja ndinapatsa wina tsiku limene ndinapuma pantchito, nditamuuza kaye za chitsime chija.