Wamawaya Pakhomo la Kuchipinda

Azakhali anampeza wamawaya ataima pakhomo la kuchipinda kwawo, foni ili m'mwamba ngati akuwombeza. Yemwe anamuitana ndi mwana wa mlongo wawo, poti chiikireni kabokosi kachiwiri kofikitsa intaneti kuzipinda, mavidiyo ankangodukaduka.

"Mukufunanji kuno, bambo?"

"Ndikuyeza mphamvu, mayi. Kabokosika munakabisa kuseri kwa filiji, kutali ndi kanzake. Kazikhala pakati, poyera."

Chibadwire azakhali sanalolepo mlendo kupitirira pabalaza, ndiye uyu waona makina awo osokera, omwe amawadyetsa, waonanso zenera lopanda zitsulo. Anamulondola mpaka pageti.

M'mawa mwake anauza aneba kuti, "Intaneti ikuthamangadi, ndisaname. Koma munthu woyeza mphepo m'chipinda cha eni ake, ine ayi. Makina aja ndawamanga unyolo kumwendo kwa bedi."