Nthungululu ya Mayi ku Okesitira

Mayi atabwera kudzandiona kuno ku Dubai, ndinawatengera ku konsati yotsegulira nyengo ya okesitira, gulu lalikulu loimba ndi zipangizo zosiyanasiyana. Ndinkafuna aone kuti mwana wawo anatsogola. Ndinachita kuwasankhira ndi chovala chomwe, koma ndinaiwala kuwauza chinthu chimodzi: nyimbo za kumeneko zimapumira pakati, ndipo popumirapo saomba m'manja.

Mavayolini atangoti zii, mayi, amene anakalambira m'kwaya ya kumpingo, anadzambatuka n'kuimba nthungululu. Holo yonse inatembenuka. Mzungu amene ndinayandikana naye anandinong'oneza kuti, "Muli limodzi?"

Ndinapukusa mutu. Ndinafika posuntha chikwama changa kuti chisakhudze mpando wa mayi.

Pobwerera ku Al Nahda kumene ndimakhala, magalimoto atathithikana, mayi anati, "Anthu aja amaimba bwino, koma alibe owayamika." Kenako anandigwira bondo. "Chikwama chija ukanachisiya pomwe chinali, mwanawe. Sichinalakwe kanthu."

Mayi anatisiya chaka chatha. Ku konsati ndimapitabe, ndipo nyimbo ikapuma, aliyense ali duu mwaulemu, ndimapezeka ndikudikira. Palibe amene amaimirira.