Tinakwera Khonde ndi Matope Athu

Pa esiteti ya tiyi imene ndinakulira, kachipatala kake kanali ndi makomo awiri. La kutsogolo, lokhala ndi khonde ndi maluwa, azungu anadzimangira okha kalekale. Lathu silinali khomo n'komwe, koma windo la kuseri. Agogo athu, amene anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi, ankalandirira mankhwala pomwepo, ifenso tinangotengera. Azungu ambiri anapita, mabwana akuda analowa m'nyumba zawo, koma windo linatsala. Umafika, kunena chimene chikukupweteka, dzanja n'kutuluka ndi panado. Wokukhudza panalibe.

Chaka chimene mng'ono wanga anali ndi pakati poyamba, mapazi ake anatupa mpaka patapata osalowa. Mutu unkamuwawa, m'maso mukuchita chidima. Kawiri konse anapita pawindo, kawiri konse anabwerako ndi panado.

"Achemwali, mwina ndi mmene mimba imakhalira," anatero m'mawa wina tili m'munda, atagwira mutu.

"Mimba yanji yochititsa khungu? Tula dengulo, tiye!"

Kapitawo anakuwa kuti tibwerere, koma sindinacheuke. Ine ndine wapakamwa, aliyense kumalaini kumene timakhala antchito amadziwa. Ndinali nditamva kwa mayi wina wokolopa kuti makina oyezera kuthamanga kwa magazi amakhala m'chipinda cha kutsogolo. Tinakwera khondelo ndi matope athu.

Namwino anatuluka, mwana wa konkuno ndithu, wakhungu ngati langa.

"Amayi, mwasochera. Zungulirani kuseri."

"Sitinasochere, anesi. Muyezeni magazi munthuyu."

"Kuno n'kwa mabwana ndi mabanja awo. Ndi lamulo."

"Analemba ndani lamulolo? Ali kuti lero? Magazi a mabwana amathamanga mosiyana ndi athu?"

Ndinakhala pansi pakhomo penipeni, kutambasula miyendo. Ndinati wofuna kulowa andidumphe.

Namwino anayang'ana nkhope yotupa ya mng'ono wanga, n'kuusa moyo. Anamulowetsa. Anayeza, anayezanso mkono winawo. Kenaka anathamanga, ee, kuthamanga ndithu, kukaitanitsa galimoto yopita kuchipatala cha ku boma.

Kumeneko anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Mng'ono wanga anapulumuka. Mwana, wamkazi, sanalire. Adokotala anati tikanafika masiku apitawo mwina zikanatheka. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo mkwiyo wake mpaka lero sunandithere.

Titamuika mwanayo mwakachetechete, azimayi okhaokha monga mwa mwambo, ndinayenda nyumba ndi nyumba kumalaini kuuza mayi aliyense woyembekezera kuti Lachiwiri tikumane pakhonde la kutsogolo. Ena anakana, kuopa kuchotsedwa ntchito, ndipo sindinawanyoze. Amene anabwera ndinawaimika pamzere. Namwino uja, osafunsa kwa munthu, anatulutsa tebulo ndi makina panja, nati woyamba abwere. Amene ankawagwira mkono kuwakweza masitepe anali mng'ono wanga, mkaka ukunyowetsabe bulauzi yake.