Kampira ka Gofu ka Amalume

Ndikaona nthula zitapsa m'mbali mwa msewu, ndimakumbukira amalume. Ankanyamulira azungu ndodo za gofu ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Loweruka lina masana anafika kwathu ku Kaduya ndi ndodo imodzi yakale komanso kampira koyera. Ine ndinkayesa dzira la mbalame ya ku Ulaya, mpaka ndinakanunkhiza.

"Ukakawolotsa chulu icho dzuwa lisanalowe, n'kako," anatero amalume. "Ukalephera, ndibwerera nako mawa. Yamba wayesera pa nthula."

Ndinakweza ndodo pamwamba pa mutu n'kuigwetsa ndi mphamvu zonse. Dothi linauluka, nthula ili pomwepo.

"Mphwanga, ukukumba mbatata kodi? Ndodoyi si khasu. Udzu umatchetcha bwanji ndi chikwakwa?"

Ndinawaonetsa.

"Basi, choncho. Tembenuka ndi chiuno, manja azitsatira. Mutu usadzutse, mpira suthawa."

Ndinaphulitsa nthula zambiri tsiku limenelo, madzi ake n'kumata m'miyendo monse. Dzuwa litapendeka anandiikira kampira kaja pansi. Ndinatchetcha monga anandiuzira. Kanalira kuti thwa, kanapitirira chulu n'kukagwera m'tsekera. Amalume anaseka mpaka kukhala pansi.

M'mawa mwake ndinalawirira m'mame kukafunafuna kampirako, mpaka dzuwa linafika pamutu. Sindinakapeze, komabe ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Mpaka lero sindidandaula, pakuti kanali kanga ndithu, ndipo kumene kali ndinakatumizako ndine.