Mkono Umene Ndinaubereka M'malo mwa Mwana

Zinayamba ndi mutu. Ndinali ndidakali m'chikuta, mchombo wa mwana wanga Chisomo usanagwe, m'mwezi wa Juni kukuzizira. Mutuwo sunali ngati wa malungo. Unkagunda kunkhongo, ndipo ndikayang'ana pakhomo ndinkaona timadontho towala tikuyandama. Mapazi anali otupa kuyambira ndili ndi pakati, koma tsopano nkhope ndi zala nazo zinatupa.

Ndinauza amayi anga, amene anali atabwera kuchokera kwathu ku Zóbuè kudzandisamalira. Iwo anati ndi fumbi la malasha, poti timakhala ku Moatize, mbali ya ku Chipanga, kumene zovala zochapa zimauma zitadanso. Anandimanga kansalu konyowa pamphumi. Zopita kuchipatala sitinaziganize n'komwe. Kwathu mayi ndi khanda satuluka mchombo usanagwe, ndipo tonse tinkangodikira mchombowo.

Tsiku lina m'mawa ndikuyamwitsa, ndinaona mwana akutsetsereka pamkono wanga wamanzere, koma mkonowo sunamve kanthu. Ndinamuwakha ndi dzanja lamanja. Nditafuna kuitana amayi, mawu anatuluka olemera ngati a munthu woledzera. Amayi atalowa anafuula kuti pakamwa panga papotoka. Ndinayesa kuimirira, mwendo wamanzere unakana, ndinagwa.

Bambo a Chisomo anali kuntchito kumgodi, kumene amakonza matayala a magalimoto akuluakulu. Amene anatithandiza ndi Mayi Amina, oyandikana nawo nyumba, amene ali ndi kasitolo pamsewu wathu. Anandinyamulira m'galimoto ya amuna awo. Kuchipatala namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kumene kuno timati tensau. Anayezanso kachiwiri, n'kuthamanga kukaitana dotolo. Anandibaya jakisoni, anandiika botolo la madzi pamkono, ndipo tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Tete.

Kumeneko dotolo anati ndachita tromboze, matenda opha ziwalo, chifukwa magazi anathamanga kwambiri. Anati zimenezi zimatha kumugwira mayi ngakhale atabereka kale. "Mukanabwera tsiku limene mutu unayamba, tikanawatsitsa magaziwa," anatero. Amayi anawerama.

Ndinagona m'chipatala masabata angapo. Tsiku lililonse linkafanana ndi linzake: kutiyeza m'mamawa, mapiritsi, phala, dotolo kudutsa pabedi lililonse, kenako kudikira. Amayi ankagona panja ndi odwazika anzawo, Chisomo ali pambali pawo. Ankabwera naye kuti ayamwe bere lakumanja, koma atamugwira iwowo. Ine ndinkangopereka bere ngati mpopi wa madzi. Kuchimbudzi sindinkatha kupita ndekha. Ndine munthu wamanyazi kuyambira ndili mwana, ndipo kusambitsidwa anthu akuona kunkandipweteka kuposa mutu uja. Nthawi zambiri ndinkatembenukira kukhoma kuti asaone kuti ndikulira.

Ponditulutsa, mawu anali atabwerera, mwendo ndinkaukoka nditatsamira munthu, koma mkono unkangolendewera ngati chingwe. Namwino anati ndizimwa mapiritsi osadumphitsa, ndiponso ndizipita ku fizyoterapiya. Ine sukulu ndinalekezera m'kalasi yachisanu, ndipo mawuwo sindinawamvepo. Tonse tinangogwedeza mitu. Titafika kunyumba bambo a Chisomo anafunsa anzawo kuntchito, anawauza kuti ndi kumene amasisita anthu. Amayi anati, "Kusisita? Ndiye tizikwera minibasi ya chapa ndi wodwala chifukwa cha kusisita? Ndizimuthowa ndekha ndi madzi otentha."

Kwathu wodwala sagwira kanthu. Amene akudwazika ndiye amakhala manja ake ndi miyendo yake, ndipo akamulola kugwira tsache anthu amamunena kuti ndi wouma mtima. Amayi anandidwazika ndi mtima wawo wonse. Ankandisambitsa, ankandiveka, ankandimwetsa madzi kapu ili m'manja mwawo. Mkono wodwalawo anaupinda pachifuwa n'kuumanga ndi nsalu yodutsa pakhosi, kuti usamalendewere ndi kundipweteka. Ndikafuna kudzuka pamphasa ankati, "Khala pansi iwe. Anthu aziti ndinabwera kudzangodya za mkamwini?" Ndinakhala choncho miyezi yonse yozizira mpaka kunayamba kutentha.

Pofika mu Okutobala phewa linkawawa ngati muli moto. Chigongono chinakana kuwongoka. Zala zinapindikira m'kati mpaka zikhadabo kumalasa chikhatho, ndipo m'chikhathomo munayamba kununkha. Koma chimene chinandithyola mtima ndi Chisomo. Anazolowera msana wa agogo ake. Akamuika pamiyendo panga ankalira, akutembenukira kwa iwo. Mkaka nawo unayamba kuchepa.

Madzulo ena amayi anatiitana ine ndi bambo a Chisomo. Anati mvula yayandikira, munda wa ku Zóbuè sunalimidwe, ndipo akapanda kudzala chaka chimenecho kwathu kugwa njala. "Mvula ikangogwa ndikupita, ndipo Chisomo ndipita naye," anatero. "Atsala ndi ndani? Bambo akewa amachoka m'mawa. Iwe sungamubereke. Ukadzamugwetsera pambaula tidzati chiyani?" Sankanena mwankhanza, ndipo palibe amene akanawatsutsa. Kuti ndipite nawo sizikanatheka, chifukwa tensau yanga ankaiyang'anira kuno. M'masiku amenewo ndinkalakalaka ndikanangofa tsiku lija ndinagwa, kusiyana ndi kuona mwana wanga akukwera chapa ine ndili pamphasa.

Sabata yotsatira ndinapita kukayezetsa magazi. Namwino ataona mkono womangidwa anafunsa ngati ndikupita ku fizyoterapiya. Nditakana, ananditengera yekha kuchipinda china chakumapeto. Munali mipope iwiri yogwirira poyenda, kalilole wamkulu, zingwe ndi mipira. Pabenchi panali amuna a kumgodi odwala misana, agogo ena okoka mwendo ngati ine, ndi mayi wonyamula mwana wosatha kukhala. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka.

Wogwira ntchito m'menemo anali Dona Ilda, mayi wamfupi wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anamasula nsalu ija, anayang'ana mkono, kenako anayang'ana amayi amene anali atabereka Chisomo. "Inu mwabereka mkono ngati khanda, khanda lenileni laberekedwa ndi wina," anandiuza. Anthu pabenchi anaseka. Amayi sanaseke. Anafunsa ngati analakwa kusamala mwana wawo.

"Simunalakwe, mama. Mukanapanda inu sakanakhala ndi moyo," anayankha Dona Ilda. "Koma chiwalo chikangokhala chimauma. Kuyambira lero ntchito yanu ndi yovuta kuposa ija. Muzikhala manja ali pamiyendo, n'kumamuyang'ana akuvutika."

Kenako anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati ndikufuna kuchira. Anati limenelo si yankho, nditchule chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuchita ndi thupi langa. Ndinanong'ona kuti ndikufuna kubereka mwana wanga kumbuyo mvula isanagwe. Sanandinamize. Anati zala sizingamange mfundo pa nthawi yochepa chonchi, mwinanso sizidzabwerera mwakale, koma phewa ndi chigongono zikamasuka tingapeze njira ina.

Kuwongola phewa kunkapweteka moti ndinkaluma nsalu. Ankaukweza mkono pang'onopang'ono, akundiuza kuti ndipume, n'kusiyira pamene ululu wakula. Anandiphunzitsa kutsamira pachikhatho chodwalacho nditakhala pamphasa, kupukuta tebulo dzanja labwino likutsogolera linzake, ndi kukankha zitsekerero za mabotolo. Kenako anatenga kathumba ka mchenga, anakaveka malaya a mwana, n'kukatcha Zé. Ndinkagwada, kuwerama, kumukankhira Zé kumsana ndi dzanja lamanja, kuponya nsalu, kuluma nsonga imodzi ndi mano, kupanikiza nsaluyo m'nthiti ndi chigongono chodwala, n'kumanga ndi dzanja limodzi. Zé ankagwa pafupifupi nthawi iliyonse. "Wafanso Zé! Maliro a mwana ameneyu atitopetsa," ankatero Dona Ilda, n'kumutola kuti ndiyambirenso. Akaona kuti ndayamba kutha, ankawonjezera mchenga, akuti Chisomo nayenso akukula.

Si masiku onse amene ankayenda bwino. Dona Ilda anali yekha, odwala ambiri, ndipo tsiku lina tinabwerera osaonedwa. Panali sabata yathunthu imene mkono sunasinthe ngakhale pang'ono, ine n'kumangoyang'ana kumwamba kuopa mitambo. Kunyumba amayi ankavutika kuposa ine. Ndikamalimbana ndi kapu, madzi akutayikira pachifuwa, manja awo ankanyamuka okha. Pamapeto pake anayamba kumatuluka panja ndikayamba masewerawo. Mayi Amina anandiuza kuti ankawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta misozi.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, madzi akuda bii akutsika pamalata. M'mawa mwake amayi analongedza katundu, ndipo ndinawaona akuika malaya a Chisomo m'chikwama. Pa nthawiyo Zé ankagwabe masiku ena, ndipo mwana weniweni ndinali ndisanamuyesepo. Ndinagwada pamphasa n'kupempha kuti andiikire mwana pambali panga. Amayi anafuna kukana, koma bambo a Chisomo anamutenga n'kumuika.

Mwana si mchenga. Ankaponda, ankandikoka tsitsi, ndipo nsalu inapulumuka m'mano mwanga. Ndinayambiranso. Ulendo wachiwiri ndinapanikiza chigongono mpaka phewa kuchita dzanzi, ndinakoka, ndinamanga. Ndinadzuka nditagwira khoma. Ndinayenda mpaka pakasitolo ka Mayi Amina ndikukoka mwendo m'matope, amayi ali pambuyo panga manja atatambasula. Pobwerera Chisomo anali atasiya kulira, tsaya lake lili pamsana panga.

Titafika pakhomo amayi anagwira mfundo ija n'kuikoka mwamphamvu. Sinamasuke. "Mfundo yonyansa ngati wamanga ndi mwamuna," anatero. Analowa m'nyumba, anatulutsa malaya a mwana m'chikwama, n'kuwaika pabedi. Asananyamuke anakapempha Mayi Amina kuti azindizonda masana. Anakwera chapa ya ku Zóbuè okha.

Miyezi yotsatira inali yolemetsa. Ndinaswa mbale zambiri, ndinapsa ndi phala, ndipo kusambitsa mwana kunkanditengera m'mawa wonse. Koma ntchito za pakhomo zomwezo ndi zimene zinaudzutsa mkono. Ku fizyoterapiya ndinapitabe kupitirira chaka.

Ndili pabenchi paja ndinkaona anthu atsopano akulowa, ambiri mikono itamangidwa pachifuwa ngati mmene unalili wanga. Ena ochokera kumapiri kwathu sankamva Chinyungwe kapena Chipwitikizi, ndipo Dona Ilda anayamba kundiitana kuti ndiziwamasulira m'Chinyanja. Poyamba mawu ankandithawa ndi manyazi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa kuti ntchito yakeyi munthu amaiphunzira bwanji. Ndinkaopa kuti aseka. Sanaseke. Anati ndi maphunziro a mmene thupi limayendera, mafupa, minofu ndi mitsempha, ndipo munthu ayenera kumaliza kaye sekondale asanapite kusukulu ya zaumoyo. "Kwa inu ndi kutali, mana," anatero, akunditchula mchemwali m'Chipwitikizi. "Koma ndakuonani mmene mumachitira ndi zinthu zovuta. Yambani kalasi imene munalekezera."

Ndinalembetsa sukulu ya akuluakulu. Chipwitikizi chimandivuta, masamu anandigwetsa kamodzi, ndipo m'kalasi mwathu muli ena amene amaseka ndikamawerenga. Zaka zimene zatsala ndi zambiri. Sindikudziwa ngati ndidzafike povala yunifomu yoyera, ndipo masiku ena ndimabwera kunyumba nditataya mtima. Koma sindinasiye.

Lero Chisomo ali ndi zaka zitatu, amathamanga yekha. Ine ndimayenda popanda ndodo, ngakhale mwendo umakoka ndikatopa. Mkono umakwera mpaka paphewa. Zala zitatu zimagwira, ziwiri zinatsalira, ndipo Dona Ilda akuti mwina miyezi ija mkono unali womangidwa inatilanda zina zimene sitidzazipezanso. Mapiritsi a tensau ndimamwa tsiku lililonse.

Amayi anzanga, mutu ukakugwirani mutangobereka, maso akamachita zoyandama, nkhope ikatupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire mchombo. Mwana mufunditseni bwino mutuluke naye. Dotolo akatchula mawu amene simukuwadziwa, funsani pomwepo, ngakhale muli amanyazi ngati ine. Ndipo inu amene mukudwazika munthu wofa ziwalo, mufikitseni ku fizyoterapiya msanga, mkono usanaume. Akakuuzani kuti mumusiye ayese yekha, mverani. Adzataya madzi, adzalira, ndipo oyandikana nanu mwina adzakunenani. Ngati simungathe kupirira kumuyang'ana, tulukani panja mukalire, koma musamulande kapuyo.