Matailosi a pansi pa jete

Ndinabwera ku Doha ndili kale ndi imvi, kudzagwira ntchito yoyendetsa galimoto pabanja lina ku Al Markhiya. Bwana ali ndi boti, ndipo kulipala kunsi inakhalanso ntchito yanga. M'nyanja ya mchere muno muli tinkhono tomwe timamatirira pa chilichonse chokhala m'madzi. Tikachuluka boti limalemera, limamwa mafuta. Ndinkatipala ndi chitsulo mpaka zala kuchekeka, koma ndinkaikonda ntchitoyo. Manja akamagwira, mutu wanga umakhala chete.

Mwana wamkazi wa bwana anali kuyunivesite, m'chaka chomaliza. Tsiku lina ndinamunyamulira matailosi, iye n'kuwapachika ndi zingwe m'madzi pansi pa jete, kamlatho ka matabwa komwe timamangirirapo boti. Anafotokoza m'Chingelezi chothamanga. Ine sukulu ndinayamba ndili ndi ndevu, ya kwacha, ndipo kufunsa kawiri kumandichititsa manyazi. Ndinangoti inde.

Patapita milungu ndinakoka chingwe chimodzi. Tailosi linali litadzaza tinkhono, lonyansa. Nditakoka zingwe zina, matailosi ena anali oterowo, ena oyera ndithu. Ndinaganiza kuti mwanayu watanganidwa ndi mabuku, ndimuthandize. Ndinapala onse akudawo mpaka kuwala.

Atabwera anakoka zingwe zonse, kenaka anakhala pansi pamatabwa.

"Ami," anatero, ndiko kuti amalume m'Chiarabu, "tinkhono tanga tili kuti?"

Anafotokozanso, tsopano pang'onopang'ono. Pansi pa nyanja pali chinkhupule chamoyo chomwe tinkhonoti sititerapo, chifukwa chimatulutsa mankhwala ake. Iye anapaka mankhwalawo pa matailosi ena, ena anawasiya dala. Uve umene ndinachotsawo ndiwo unali umboni wake. Popanda akuda, oyerawo sankanena kanthu, ndipo popanda umboni sakanamaliza sukulu chaka chimenecho.

Mlonda wa pajete, mnzanga wa ku Dedza, anaseka mpaka kugwira chipata. "Madala, mwachapa digiri ya mwana wa bwana! Mawa muchapenso nyanjayo, yada."

Ine sindinaseke. Msungwanayo ndi wa msinkhu wa mwana wanga wa ku Lilongwe, amene sayankha foni yanga, ndipo chifukwa chake ndimachidziwa.

Sanakandinenere kwa bambo ake. Anati, "Halasi, zatha basi, tiyambirenso, kutentha kusanathe." Anandipatsa ntchito yatsopano: kuona kuti zingwe sizinaduke, osakhudza kanthu.

Ntchito yovuta ngati imeneyo sindinaigwirepo. M'mawa uliwonse ndinkaima pajete manja kumbuyo, kuyang'ana uve ukumera, zala zikuyabwa. Tinkhono tinabwerera, koma mochedwa. Anzake anavala mikanjo yolandirira digiri iye ali pajete ndi ine, akuwerenga tinkhono ndi galasi lokulitsa zinthu.

Anamaliza chaka chotsatira. Ndine ndinamuyendetsa kumwambowo, ndipo ndinadikira panja m'galimoto mpaka anatuluka.