Malekodi a bambo m'makina a achimwene

Bambo atamwalira, abale ankalimbirana njinga ndi malata. Ine ndinangotenga malekodi asanu a galamafoni. Nyimbo zake sizinali zachilendo ayi. Ndinkafuna kapepala kozungulira kapakati paja, pamene bambo ankalemba dzina lawo ndi bolopeni poopa anzawo obwereka osabweza. Kalata yawo ndilibe ngakhale imodzi. Zolemba za dzanja lawo zinatsala pamenepo basi.

Malekodiwo anakhala m'kabati mwanga ku Scarborough, m'dziko la Canada, zaka zingapo, fumbi lakumudzi lili mbuu m'mizere. Tsiku lina achimwene anga aakulu, a ku Oakville, anandiimbira foni. "Bwera nawo kuno. Ndagula makina, fumbi lonselo lichoka."

Loweruka ndinakwera sitima, malekodi nditawakulunga m'chitenje. Ndinapeza achimwene ali ndi alendo, akuotcha nyama panja. Makinawo ndi kabeseni kachitsulo. Umathiramo madzi, n'kutunga malekodi pakachitsulo kopingasa, iwo n'kumazungulira pang'onopang'ono, m'munsi mwake muli m'madzi. Ukayatsa, madzi amanjenjemera, kulira ngati udzudzu, litsiro n'kumachoka lokha. M'kati mwa beseni muli mzere wosonyeza polekezera madzi kuti asafike papepala. Ndinauona ndi maso angawa. Ndinaonanso achimwene akuthira mpaka kupitirira mzerewo.

"Achimwene, madziwo sanachuluke?"

"Iwe, ntchito yako ndi yosambitsa nkhalamba. Izi tisiyire ife."

Ndi iwo anandiitanitsa kuno ku Canada, ndi iwo anandisunga chaka choyamba, ndikanatani? Anatunga onse asanu nthawi imodzi, poti alendo awo ankaonerera, kenaka onse anatuluka kukatembenuza nyama pamoto. Ndinatsala ndekha, ndili chilili ngati chitsa. Pepala linayamba kunyowa, inki n'kumayenderera. Batani lozimitsira linali pafupi ndi dzanja langa, koma chinthu cha eni, cha akulu, sindinachikhudze. Ndinathamangira panja kukawaitana, iwo n'kuti ndidikire amalize kaye nkhani.

Mayo ine! Pamene ankalowa, dzina la bambo linali litasanduka banga labuluu pa malekodi anayi. Pa yachisanu pepala linamatuka lonse, likuyandama m'madzi.

Achimwene sanadandaule n'komwe. Anaumitsa imodzi n'kuiika pagalamafoni yawo yodula. "Tamvera! Kuthetheka konse kuja kwatha. Ngati yatsopano!" Alendo anaomba m'manja. Zoonadi inkamveka bwino, ndipo nyimbo imeneyo ndimadana nayo mpaka lero. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa agonera zaka, sanakomebe.

Achimwene ndinawakwiyira, sindibisa. Koma mkwiyo umene umandisowetsa mtendere ndi wa pa ine mwini. Pochoka anandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundipatsira malekodi aja akuwala mbee. Ine, mzimayi wamkulu waimvi, ndinalandira ndi manja awiri, n'kupinda maondo.

"Zikomo kwambiri, achimwene," ndinatero. "Mwagwira ntchito."